Kusankha pule ya supercharger kuno ku Lilongwe: masamu kaye, sipanala pambuyo

Loweruka lina mnzanga wa ku Area 25 anafika kunyumba atanyamula kabokosi ngati wanyamula mazira. Mkati munali pule ya supercharger yonyezimira, kagudumu kokokedwa ndi lamba, imene mlamu wake anamugulira ku Johannesburg, ndipo wogulitsayo analonjeza kuti boost, mphamvu ya mpweya wokankhidwira mu injini, ifika 1 bar. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, pule imene ili pagalimoto panopa ndi ya mamilimita angati?" Anangokanda m'mutu. Nanga boost panopa ikuwerenga bwanji? Geji analibe. Iye ankafuna timange tsiku lomwelo kuti madzulo akamve kukoma kwake pa Bypass.

Sitinamange. M'malo mwake tinachita zimene ndalemba pansipa, ndipo zambiri mwa izo zimafuna pepala ndi cholembera, osati sipanala.

Mfundo yake ndi yomwe aliyense wakabaza amaidziwa. Tcheni chikakhala pa giya yaikulu kutsogolo ndi yaing'ono kumbuyo, tayala limazungulira kambiri pa kupalasa kumodzi, koma miyendo imamva kuwawa. Supercharger ndi pampu ya mpweya yokokedwa ndi lamba kuchokera pa pule ya crank, imene imazunguliridwa ndi injini. Mukachepetsa pule ya pa supercharger, kapena mukakulitsa ya pa crank, pampuyo imathamanga kwambiri n'kukankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya wochuluka ukapeza petulo wokwanira, mphamvu imakwera. Ukapanda kumupeza, kapena ukatentha mopitirira, pisitoni ndi imene imalipira.

Choyamba: dziwani chimene chili pansi pa boneti

Magalimoto ambiri okhala ndi supercharger amene timawaona m'misewu ya kuno ali ndi ya mtundu wa Roots, yopangidwa ndi kampani ya Eaton. Ndi imene ili mu Benz zolembedwa Kompressor kumbuyo, monga C180 ndi C200, mu MINI Cooper S ya pakati pa 2002 ndi 2006, komanso mu Jaguar ndi Range Rover za V8. Toyota nayo inali ndi yake, SC12, pa injini ya 4A-GZE. Nambala za Eaton zakale zimanena kuchuluka kwa mpweya umene pampuyo imatunga ikazungulira kamodzi: M45 imatunga pafupifupi malita 0.75, M62 lita imodzi, M90 lita imodzi ndi theka. Mtundu umenewu, pamodzi ndi wa twin-screw, umatunga muyezo womwewo nthawi zonse, choncho boost imabwera msanga injini ikadali pansi, ndipo masamu ake ndi osavuta.

Mtundu wina ndi wa centrifugal, monga Vortech, ProCharger ndi Rotrex. Iyi imaoneka ngati theka la turbo, ili ndi zowonjezera liwiro zakezake mkati, ndipo boost yake imakwera mofulumira kuposa liwirolo. Mukaiwonjezera liwiro ndi 10 peresenti, boost imakwera ndi pafupifupi 21 peresenti pamwamba pa rev, ndiko kuzungulira kwa injini pa mphindi. Ngati yanu ndi yotere, masamu a boost amene ali m'munsimu musawagwiritse ntchito, adzakunamizani.

A Nissan Note ya DIG-S, ija ya masilinda atatu ya malita 1.2, ndikupempheni pano pomwe: isiyeni. Supercharger yake anaiikira kupulumutsa mafuta, ndipo kumbuyo kwake nthawi zambiri kuli giyabokisi ya CVT imene siikonda kukakamizidwa.

Chachiwiri: kodi injiniyo ili moyo?

Galimoto zathu zambiri zinafika kuno zitayenda kale, mwina zitadutsa Dar es Salaam ndi makilomita amene palibe akudziwa zoona zake. Pimitsani compression, mphamvu yopanikiza mpweya, pa silinda iliyonse injini ili yotentha. Masilinda asasiyane kuposa 10 peresenti. Ngati galimoto imadya oyilo, imatenthetsa madzi pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe masana, kapena ikuyatsa nyali ya injini, konzani zimenezo kaye.

Supercharger yokhayo muimvetsere. Phokoso la ngati timiyala m'chitini injini ikungolira payokha nthawi zambiri ndi coupler, kolumikizira pule ndi zamkati, yakutha kumphuno kwa supercharger. Oyilo wake ali payekha, sasakanikirana ndi wa injini, ndipo ambiri sanasinthidwepo chichokere kufakitale. Mukatsegula mudzadziwa, fungo lake limathamangitsa ndi agalu omwe. Onaninso bypass valve, kachitseko kolambalalitsa mpweya pamene boost siikufunika, ngati ikutseka bwino, ndi mapaipi onse ngati sakutaya mpweya. Ndaonapo munthu akufuna pule yaing'ono pamene boost yake inkathawira pa paipi yong'ambika. Titamanga paipi, chilakolako cha pule chinatha.

Chachitatu: yezani, musakhulupirire za pa intaneti

Pezani vernier, choyezera mamilimita cha amakaniko. Yezani mapule onse awiri pamwamba pa mizere pamene lamba amagona, osati pa mlomo wa m'mphepete umene umatchinga lamba kuti asavuke. Kusiyana kwake kumatha kufika mamilimita anayi kapena asanu, ndipo pa nkhani ino amenewo ndi ambiri. Pule ya crank ikavuta kufikira, zungulizani kachingwe, yezani kutalika kwake, gawani ndi 3.14. Ogulitsa a ku America amalemba mu mainchi: inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Amalembanso boost mu psi: 1 bar ndi 14.5 psi.

Kenaka mangani geji ya boost, kapena lumikizani ka ELM327, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto, pa soketi ya OBD n'kuwerenga pa foni. Lembani boost ya panopa mu giya yachitatu, mutaponda moto mpaka pansi, pa rev ya 3,000, ya 4,500 ndi pafupi ndi mzere wofiira wa pa geji ya rev. Lembaninso kutentha kwa mpweya wolowa mu injini. Popanda manambala amenewa simudzadziwa ngati pule yatsopano yakupindulirani kapena yangowonjezera kulira.

Chenjezo laling'ono: geji ya singano imawerenga mpweya woposa wa panja pokha, pamene foni nthawi zambiri imaonetsa zonse pamodzi, wa panja ndi wa supercharger. Mukayatsa kiyi injini isanalire, foni idzaonetsa pafupifupi 89 kPa, ndiyo 0.89 bar, kuno ku Lilongwe. Sungani nambala imeneyo, muziichotsa pa zimene foni yaonetsa kuti mupeze boost.

Chachinayi: liwiro la supercharger

Gawani kukula kwa pule ya crank ndi kukula kwa pule ya supercharger, kenaka chulukitsani ndi rev yapamwamba ya injini. Titenge manambala ongophunzirira: crank ya mamilimita 150, pule ya pamwamba ya 75, mzere wofiira pa 6,500. 150 kugawa ndi 75 ndi 2, ndiye supercharger ikuzungulira ka 13,000 pa mphindi.

Ikani pule ya 70: ikufika 13,929. Ya 68: 14,338. Ya 65: 15,000.

Supercharger iliyonse ili ndi malire amene wopanga analemba, ndipo muwafufuze a yanuyo musanagule kanthu. Tiyerekeze kuti yathuyi malire ake ndi 14,000. Ndiye kuti ya 70 yalowa, ya 68 yadumpha pang'ono, ya 65 yatuluka kunja kwenikweni. Kudumpha malire sikutanthauza kuti iphulika lero. Chimene chimachitika n'chakuti mabering'i amatha msanga, ndipo pampuyo imayamba kungotakasa mpweya n'kuutenthetsa m'malo moukankha. Geji imakwera, mwini wake amasangalala, koma galimoto siithamanga kuposa kale.

Chachisanu: boost, ndi nkhani ya phiri lathuli

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene matebulo a pa intaneti amatisocheretsa.

Supercharger ya Roots siiwonjezera mpweya ngati kuthira madzi m'ndowa. Imachulukitsa umene waupeza panja. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umalemera 1.01 bar. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo kuno mpweya ndi pafupifupi 0.89 bar, kutsika ndi 12 peresenti. Galimoto imene ku London ikuwerenga 0.8 bar, kuno ndi pule yomweyo iwerenga pafupifupi 0.7. Siinawonongeke ayi, ikupuma mpweya wopyapyala basi.

Masamu ake ndi awa. Tengani boost ya panopa, wonjezerani 0.89, chulukitsani ndi pule yakale, gawani ndi pule yatsopano, kenaka chotsani 0.89. Galimoto yathu yophunzirira ija tinene kuti ikupereka 0.5 bar. Kuphatikiza 0.89 ndi 1.39. Kuchulukitsa ndi 75 n'kugawa ndi 70 kukutipatsa 1.49. Kuchotsa 0.89 kwatsala 0.60 bar. Pule ya 65 ingapereke 0.71. Pamsewu manambala adzasiyanako pang'ono chifukwa cha kutentha ndi mpweya wothawira m'mbali mwa ma rotor, zozungulira za mkati mwa pampuyo, koma sadzapita kutali.

Anthu ambiri amalakwitsa pochulukitsa boost yokhayo, n'kuganiza kuti kuchepetsa pule ndi 7 peresenti kukweza boost ndi 7 peresenti. Onani bwino: kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.6 ndi 20 peresenti. Kamilimita kamodzi kali ndi mphamvu kuposa mmene kamaonekera m'manja.

Tsopano funso limene wogulitsa wakunja sangakufunseni: galimotoyi imayenda kuti? Ngati ndi ya Area 47 kupita ku City Centre n'kubwerera, chabwino. Koma tonse timadziwa kuti galimoto yokoma siikhala m'tauni Loweruka. Mukatsika M14 kupita ku Salima, mwatsika kufika mamita pafupifupi 500, ndipo mpweya wakwera kufika cha m'ma 0.95 bar. Pule ya 70 ija, yomwe kuno imapereka 0.60, ku Senga Bay ipereka 0.64. Mukatsetsereka Thabwa kulowa ku Chikwawa, kumene kuli pafupifupi kufanana ndi nyanja yamchere, ipereka 0.67. Ndipo geji siikuuzani zonse: mpweya wonse wolowa mu silinda wachoka pa 1.49 kufika pa 1.67 bar. Kumeneko n'kumenenso kumatentha kwambiri. Mpweya wochuluka ndi dzuwa loswa mtengo zimakupezani nthawi imodzi.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Zaka zapitazo ndinamanga pule yaing'ono mu June, kukuzizira, ndipo galimoto inkayenda ngati yatsopano. Kupita ku Dedza, kumene kuli pamwamba kuposa kuno, osamva kalikonse. Mu October ndinapita kunyanja ndi banja, buti yodzaza, AC ili pamwamba. Pobwerera, pa chitunda china tisanafike pa Mvera, ndinaponda kuti ndipitirire thiraki, ndipo ndinamva kaphokoso ngati munthu akugwedeza misomali m'botolo. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, chikulira n'chiyani?" Ine ndinati ndi timiyala ta mumsewu. Patapita sabata ziwiri galimoto inayamba kufuka utsi, ndipo titatsegula tinapeza pisitoni yachitatu itabenthuka pakati pa maring'i.

Choncho sankhani pule poganizira malo otsika kwambiri ndi mwezi wotentha kwambiri umene mudzayendemo. Ndipo mufunse kumene manambala a wogulitsa anayezedwera. Johannesburg ili pamwamba kuposa ife, mamita pafupifupi 1,750, ndiye pule imene kumeneko ikupereka 1 bar, kuno ipereka yoposa pamenepo.

Chachisanu n'chimodzi: kutentha ndi petulo

Mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga pampu ya njinga imatenthera m'manja. Pa boost ya 0.6 bar masana a October, mpweya wotuluka mu supercharger ya Roots yakale umatha kupitirira madigiri 100 usanafike pa intercooler, choziziritsa mpweyawo. Tsukani intercooler, chifukwa fumbi la kuno limatseka timipata take. Ngati ndi yoziziritsa ndi madzi, gwirani kapampu kake mumve ngati kakuzungulira. Timapampu timeneti timafa mwakachetechete.

Petulo ndiye malire enieni. Matebulo ambiri akunja amayezedwa ndi petulo wa 98 RON (RON ndi nambala ya octane, muyezo wa mmene petulo amapiririra kupanikizidwa), ndipo 93 ya ku America si 93 RON ayi, iwo amawerenga mwa njira ina ndipo imeneyo ikufanana ndi 98 RON. Dziwani octane ya petulo amene mumathira, ndipo ngati ili pansi pa ya patebulo, bwererani m'mbuyo ndi saizi imodzi ya pule. Za petulo wa m'zigubu nthawi ya mizere ndisanene zambiri: mukathira ameneyo, phazi likhale lopepuka mpaka atathe.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amathandizako kuletsa kugogoda, kaphokoso ka misomali m'botolo kaja, koma amafuna kuti ma injector atulutse mafuta ochulukirapo. N'chifukwa chake poyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta ndimakonda kuwerenga lambda pa geji ya wideband, nambala imene ikakwera ndiye kuti mafuta akuchepa. Mutaponda mpaka pansi, ikhale cha pa 0.78 mpaka 0.82. Ikayamba kukwera kulowera ku 0.9, chotsani phazi. Ma injector asamagwire ntchito kupitirira 85 peresenti ya nthawi, ndipo pampu ya mu thanki ndi fyuluta zikhale zabwino. Mapulagi ikani ozizirirapo ndi sitepe imodzi. Pa mapulagi a NGK nambala ikakwera ndiye kuti ndi yozizirirapo, kuchoka pa 6 kupita pa 7, ndipo mpata wake muupanikize pang'ono kufika cha pa mamilimita 0.7.

Kompyuta ya galimoto imatha kudzikonza yokha pa kusintha kochepa. Mukapitirira, imafuna munthu wodziwa kuilemba mwatsopano, ndipo galimoto zina zimangodula mphamvu zikaona boost imene sizikuidziwa. Ndalama ya ntchito imeneyo muiwerengere pamodzi ndi mtengo wa pule.

Chachisanu n'chiwiri: ya pamwamba kapena ya crank?

Kuchepetsa ya pa supercharger n'kotchipa ndipo sikukhudza zina. Vuto lake n'lakuti lamba amagwira malo ochepa, ndiye amayamba kutsetsereka. Kukulitsa ya crank kumasunga kagwiridwe ka lamba, koma ngati lambayo ndi yemweyo amene akuyendetsa alternator, AC ndi pampu ya madzi, zonsezo zithamanganso. Komanso pule ya crank pa injini zambiri ili ndi labala mkati yomeza kunjenjemera kwa crank. Musaisinthe ndi chitsulo chopanda labala chifukwa choti n'chopepuka.

A MINI Cooper S, mapule otchuka ndi ochepetsa ndi 15 ndi 17 peresenti. Dziwani kuti pampu ya madzi pa galimoto imeneyi imayendetsedwa ndi magiya a kumbuyo kwa supercharger, ndiye mukathamangitsa chimodzi mwathamangitsa zonse. Pa nyengo yathu ine ndingaime pa 15.

Ena amafunsa ngati angasemetse pule kwa a lathe ku Kanengo kapena ku Biwi. Amisiri aluso alipo, sindikukana. Koma chinthu chozungulira ka 14,000 pa mphindi chikapotoka ndi kachidutswa ka milimita chimadya mabering'i, ndipo mizere yake iyenera kutalikirana ndendende mamilimita 3.56 kuti lamba wa PK agone bwino. Mukasankha njira imeneyi, mupite ndi pule yakale ndi lamba, ndipo muione ikuzungulira pa makinapo ndi dial gauge, geji yoyezera kupotoka, musanalipire.

Lamba

Nambala ya pa lamba imanena zonse: 6PK1750 ndi mizere 6, kutalika mamilimita 1,750. Pule ikachepa, lamba amatsala wautali. Ngati amakulunga theka la pule, kuchepetsa ndi mamilimita 5 kumafuna lamba wofupikirapo ndi pafupifupi 8. Mukamanga, onani kachizindikiro ka pa tensioner, chokunga lamba, kakhale pakati, osati kumapeto. Gulani wa dzina lodziwika ngati Gates kapena Continental, ndipo mugule awiri.

Kumanga

Chotsani waya wa batire. Jambulani ndi foni mmene lamba wadutsira musanamuchotse, mudzandithokoza. Mapule ambiri a Eaton ndi okhomerera pa shaft, alibe nati, ndipo amatuluka ndi puller yake yokokera pakati. Puller ya miyendo itatu imapinda pule, ndipo hamala imapha mabering'i ndi magiya a mkati. Mukaona mnyamata wa pagalaja akutenga hamala ndi tchizulo, muuzeni mwaulemu kuti, "Aise, imani kaye," mutseke boneti.

Musanachotse yakale, yezani mtunda kuchoka pa mzere woyamba wa pule kufika pa thupi la supercharger, kuti yatsopano ikakhale pomwepo. Mukamanga, gonekani rula yachitsulo pa mapule awiri muone ngati ali pa mzere umodzi. Kuphonya ndi mzere umodzi wokha, lamba amayamba kudyeka m'mbali tsiku lomwelo. Ngati ndi ya mabawuti, mangani mopingasa ndi torque wrench, ndi kadontho ka Loctite, guluu wa mabawuti.

Kuyesa

Malo abwino ndi pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto ili pamalo amodzi. Popanda imeneyo, pezani msewu wowongoka wopanda anthu, njinga ndi mbuzi, ndipo mukhale awiri: wina ayendetse, wina ayang'ane foni. Giya yachitatu ikukwanira, palibe chifukwa chofikira liwiro loitana apolisi. Yambani ndi theka la moto. Kenaka pondani kuchoka pa 2,500 kufika pa 4,500 n'kusiya. Onani zinthu zinayi: boost, lambda, kutentha kwa mpweya, ndi timing, nthawi imene mapulagi amayatsira moto. Kompyuta ikamabweza timing ndi madigiri atatu kapena anayi nthawi iliyonse, ndiye kuti ikumva kugogoda kumene khutu lanu silinamve. Zikakhala bwino, onjezerani rev pang'onopang'ono mpaka pamwamba.

Muyese katatu motsatizana, masana, osati m'mawa kukuzizira. Ulendo woyamba galimoto iliyonse imaoneka ngwazi, wachitatu ndi umene umanena zoona chifukwa intercooler yakhuta kutentha. Boost ikamakwera bwino kenaka n'kugwa pamwamba pa rev, tsegulani boneti muyang'ane fumbi lakuda ngati la makala pamphuno pa supercharger. Ameneyo ndi lamba akutsetsereka, ndipo mankhwala ake ndi lamba wofupikirapo kapena tensioner yatsopano, osati pule ina yocheperapo.

Mnzanga wa ku Area 25 uja titayeza tinapeza kuti pule ya mlamu wake ikanapititsa supercharger kunja kwa malire ndi rev zoposa 1,500. Anadandaula, anati ndalama yapita kale. Anaitanitsa ina yapakati, ndipo inatenga milungu isanu kuti ifike. Pule yakale ndi lamba wake anazikulunga m'nyuzipepala n'kuziika pansi pa sipeya. Yonyezimira ija ili pa tebulo la ku shopu kwake, imapsinja malisiti kuti asauluke ndi fani.